Buku Lopatulika, Mkango wa Mano 66

Lirani ng'oma! Lirani ku Ndirande, ku Bangwe avomere. Lirani ku Chilomoni, ku Zingwangwa ziphulike nthungululu. Paseni njira, mwini bwalo wafika!

Ndinu Buku Lopatulika, Mkango wa mano 66, wobangula kuyambira ku Genesis mpaka ku Chivumbulutso. Ndinu Njovu yosalemedwa ndi minyanga yake. Ndinu Mlambe wosagwa ndi nkhwangwa. Ndinu Shire wosaphwa m'chilimwe. Mudi achepe, Nasolo ade ndi zinyalala, Likhubula atsale mchenga, Inu mukusefukirabe. Ndinu Phiri loposa Michiru, loposa Mpingwe, loposa Ndirande mwini wake.

Mudafika kale, Nkhalamba yosamera imvi. Mudafika m'dziko la mfumu Kapeni mu 1876, Henry Henderson atasankha malo a mishoni. Mudalankhula Chimang'anja m'kamwa mwa David Clement Scott. Mudaumbitsa njerwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chidaima, chikadaimabe lero. Mudakweza Harry Kambwiri Matecheta pa guwa mu 1911, mwana wa dziko lino nakhala mbusa. Mudasowetsa tulo William Murray ndi anzake ku Mvera ndi ku Nkhoma, kufikira mu 1922 mudatuluka wathunthu m'chilankhulo cha agogo athu. Chauta adalankhula Chinyanja, Namalenga adamveka pakhonde!

Wosanyengerera! Wosalandira chiphuphu! Wosaopa jekete! Mumalowa mumsika wa Ndirande osagogoda, nkugwira dzanja la wogulitsa chimanga amene wapinda dala chidebe kunsi kwake. Mumaima pakhomo pa wakatapila amene wanyamula ndiwo ndi poto yemwe wa mayi wamasiye. Mumamutsata mkulu wa mpingo uja, woyera Lamulungu m'mawa, wozemba Lolemba usiku, mpaka ku nyumba imene mkazi wake sadziwa. Mudaloza chala mfumu Davide pa nkhani ya mkazi wa Uriya, ndiye mungachite mantha ndi bwana wa ku Ginnery Corner? Ndipo tisabise mawu: alipo aneneri ena okupanani m'khwapa kwinaku akugulitsa madzi ndi mafuta m'timabotolo. Akupanani, koma sadakutsekeni pakamwa.

Lupanga kwa wouma mutu, Mthunzi kwa wolapa. Moto kwa wonama, Chitsime kwa waludzu. Mphambe wa mabingu, Mlezi wa ana amasiye.

Ndani akunyamulani? Akunyamulani amayi a Mvano, duku loyera, bulawuzi yoyera, siketi yakuda. Akukulungani m'jumbo kuti mvula isakunyowetseni. Chikuto chidang'ambika, adachisoka ndi ulusi. Masamba adachita bii ndi zala zophika pa mbaula. M'kati mwanu mwagona khadi la chopereka, chithunzi cha mwana ali ku Joni, ndi kapepala ka mwambo wa maliro a bambo a m'nyumba. Mkango wokwanira m'chikwama! Akunyamulani alaliki a mu minibasi ya ku Limbe, mawu atasasa. Akunyamulani odikirira odwala ku chipatala cha Queens, tulo titathawa. Akunyamulani okwera phiri m'bandakucha, mame ali m'mapazi.

Mudalipo mu Malichi 2023, namondwe Freddy atakwiya. Mudalipo pamene Soche adasanza matope ndi miyala pa Chilobwe. Mudalipo nyumba zikupita, makasu akufukula abale, misozi itatha m'maso. Phiri lidagwedezeka, Inu osagwedezeka. Thanthwe lidagubuduka, Inu osasuntha. M'misasa ya m'masukulu, anthu opanda bulangete adatsegula Yobu, adatsegula Masalmo, nakweza nyimbo ndi mawu onjenjemera. Mzati wa osweka mtima! Ndodo ya otsala okha!

Ndinu amene mudatulutsa Yosefe m'ndende. Ndinu amene mudamanga nsagwada za mikango pamaso pa Danieli. Ndinu amene mumauza mnyamata wa kabaza kuti abweze chenji cha eni ake, ngakhale kunyumba ufa watha, nabwezadi.

Lirani ng'oma, lirani kolimba! Ndipo inu a ku Machinjiri, inu a ku Chirimba, litsitseni bukulo pamwamba pa kabati. Lipukuteni fumbi, muitane ana, muwawerengere usiku uno nsima isanafike.