Kanyenyezi ka pa katoni ya rauta

Katoni yake ili pano patebulo langa. Ndi ya rauta imene achemwali anga adagula kuti ana aziwerengera pa intaneti kunyumba. Patatha masabata awiri akudandaula, adaibweretsa nati, "Achimwene, taonani chinthuchi, mwina adandigulitsa chakufa." Sichidali chakufa. Zambiri mwa zimene zidawasokoneza zalembedwa pa katoni pomwepa, zina ndi zilembo zazikulu ngati za chikwangwani cha pamsewu, zina ndi tizilembo tofuna mandala.

Kutsogolo, pakona yakumwamba, pali mawu akuti "AC1200". Zilembo za AC zikuchokera ku muyezo wa Wi-Fi wotchedwa 802.11ac, umene bungwe la IEEE lidavomereza mu 2013. Mu 2018 bungwe la Wi-Fi Alliance lidapereka mayina osavuta: muyezo umenewu udakhala Wi-Fi 5, wakale wake wa 802.11n udakhala Wi-Fi 4, ndipo wa 802.11ax udakhala Wi-Fi 6. Choncho katoni yolembedwa N ndi ya m'badwo wam'mbuyo, yolembedwa AX ndi yam'tsogolo. Mpaka apa katoniyo ikulankhula chilungamo.

Nkhani ili pa 1200. Nambala imeneyi ndiyo idawagwira mtima achemwali, ndipo wogulitsa adailoza ndi chala nati, "Iyi ndiye yothamanga, mayi." M'munsi mwake, ndi zilembo zocheperapo, palembedwa 300 Mbps pa 2.4 GHz, kenako chizindikiro chophatikizira, kenako 867 Mbps pa 5 GHz. Mukaphatikiza mupeza 1167, ndipo opanga adangoikweza kuti ifike pa 1200. Kukwezako sikundivuta kwenikweni. Chondivuta ndi chizindikiro chophatikiziracho. Rauta yotere imaulutsa pa mafunde a mitundu iwiri, koma foni kapena kompyuta imagwira mtundu umodzi pa nthawi imodzi. Zili ngati kutenga liwiro la minibasi yopita ku Zomba n'kuliwonjezera pa la minibasi yopita ku Mulanje: nambala ituluka yaikulu ndithu, koma palibe wokwera amene adzayende pa liwiro limenelo. Palibe chipangizo m'nyumba mwa achemwali chimene chidzaone 1200.

Ngakhale 867 yomweyo ili ndi zofuna zake. Imafuna kuti chipangizo cholandira chizitha kutenga mauthenga pa njira ziwiri nthawi imodzi. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi njira imodzi yokha, ndiye nambalayo imagwera pa 433 musanayambe n'komwe. Pa imeneyinso gawo lina limathera pa kulankhulana kwa zipangizo zokhazokha, kudikirana ndi kubwereza zimene zatayika m'njira.

Opanga amazidziwa zonsezi, ndipo sadazibise. Patsogolo pa manambala pali timawu tiwiri tachingerezi, "up to", kutanthauza kuti "mpaka". Kumapeto kwa manambala kuli kanyenyezi kakang'ono. Ndidakalondola kanyenyeziko mpaka pansi pa katoni, pafupi ndi pamene pamagunda shelefu, ndipo ndidapeza ndime yofotokoza kuti manambalawo ndi malire apamwamba a muyezo, ndi kuti liwiro lenileni limadalira makoma, mtunda, zipangizo zolumikizidwa ndi mafunde ena ozungulira. Ndime imeneyi ndiyo yonena zoona kwambiri pa katoni yonse, koma ndiyo idalembedwa ndi tizilembo tating'ono kuposa tonse. Mawu akuti "mpaka" amakuuzani pamene denga lili. Za pamene inu mudzaime sanena chilichonse.

Pali kachinthu kenanso kosavuta kukaphonya: "b" wa mu Mbps ndi wamng'ono. Akuimira ma bit, pamene foni ikamakopera fayilo imakonda kuonetsa MB, ma byte. Byte imodzi ndi ma bit 8, kotero 100 Mbps ndi 12.5 MB pa sekondi.

Mawu akuti "Dual Band" ndi amene ndidawaona kuti ali ndi phindu lenileni, bola munthu awamvetse. Mafunde a 2.4 GHz amafika patali ndipo amabowola makoma bwinoko, koma ndi odzaza: ma rauta a anansi, Bluetooth, ngakhale microwave ya kukhitchini, zonse zimapanikizana momwemo. A 5 GHz ndi othamanga ndiponso opanda phokoso lambiri, koma khoma limawafooketsa msanga. Chithunzi cha pa katoni chikuonetsa banja litakhala pa sofa m'chipinda chachikulu chopanda chotchinga. Nyumba ya achemwali ndi ya njerwa zootcha, yopakidwa simenti mkati ndi kunja. Rautayo adaiika m'kabati ya magalasi, kuseri kwa TV, pakati pa mbale za alendo ndi chithunzi cha ukwati, nyanga zake zinayi zitapindidwa kuti chitseko chitsekeke. Kuchokera pamenepo kukafika kuchipinda cha ana panali makoma atatu.

Ndidatembenuza katoni. M'mbali, pa mndandanda wa zimene zili pa chipangizo, mabowo onse olowetsa mawaya alembedwa "10/100 Mbps", kuphatikizapo la WAN, lomwe ndilo khomo lolowera intaneti yochokera kunja. Ndiye kuti rauta imene kutsogolo ikutchula 1200, pakhomo pake sipangadutse zoposa 100. Imene ili ndi mabowo othamanga imalembedwa "Gigabit" kapena "10/100/1000". Kwa banja lolandira intaneti yosafika 100 Mbps malire amenewa savulaza. Koma amene wakokera faiba ya liwiro lalikulu m'nyumba akhala akulipira mwezi ndi mwezi zinthu zimene zikuthera pakhomo.

Chimene chidandikhudza kwambiri ndi chimene katoniyo sinena. Palibe paliponse pamene yalemba kuti rauta siipanga intaneti. Ntchito yake ndi kugawa imene yalandira. Achemwali ali ndi kabokosi ka 4G kolowetsa simukhadi, ngati mabanja ambiri kuno amene amadalira Airtel kapena TNM, ndipo ankaganiza kuti akalumikiza rauta yatsopanoyo ku kabokosiko zinthu ziyamba kuuluka. Koma madzi akamabwera ochepa mumpopi wa kunja, kukulitsa mapaipi a m'nyumba sikudzaza ndowa msanga. Ngati netiweki ikupereka 10 Mbps madzulo, rauta ya 1200 igawa 10 yomweyo. Ndipo akadapanda kukhala ndi kabokosiko, rautayi ikadangokhala chokongoletsera, chifukwa ilibe polowetsa simukhadi. Yokhala napo imalembedwa 4G, LTE kapena 5G. Apanso pali msampha: 5G ya makampani a mafoni ndi 5 GHz ya Wi-Fi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zilembo zikufanana.

Mizere iwiri yomaliza ndi yaifupi. Wina ukutchula chitetezo cha WPA2, chomwe chidayamba mu 2004. Chatsopano, WPA3, chidabwera mu 2018, ndipo ndi bwino kuchipeza pa chipangizo chimene mukufuna kukhala nacho zaka zingapo. Mzere wina ukunena za magetsi, 12V. Kwa ife amene timadziwa kuti magetsi amazima nthawi iliyonse, kamzere kameneka n'kofunika kuposa 1200 ija, chifukwa ndiko kamakuuzani batire kapena ka UPS kamene mungagule kuti ana asadukize phunziro.

Sindinganene kuti katoniyi ikunama. Mawu ake aliwonse angaime pa bwalo. Koma idasanjidwa potsata zofuna za wogulitsa, ndipo mayi amene wasunga ndalama miyezi ingapo amawerenga zimene zaikidwa patsogolo pake. Zimenezi zimandipweteka.

Rautayo sitidaibwezere m'kabati koma tidaiika pamwamba pa shelefu m'khonde la pakati pa nyumba, nyanga zake titaziimiritsa, ndipo tidasintha pasiwedi imene idabwera nayo. Kabokosi ka 4G tidakasendeza pawindo. Ana tsopano akuwerengera kuchipinda kwawo.

Inu amene mukufuna kugula, yambani mwafunsa kampani yanu kuti imakupatsani ma Mbps angati ndipo intanetiyo idzalowa ndi waya kapena ndi simukhadi. Mukafika m'sitolo, pemphani katoni, muitembenuze, muyambire kuwerenga pansi pamene pali kanyenyezi.