Chithunzi cha ku Soweto ndi zimene sichinena

Anthu akamakangana za chithunzi chimene chimaimira bwino mbiri ya South Africa, zithunzi zinayi ndizo zimatchulidwa kawirikawiri. Choyamba ndi cha ku Sharpeville, cha pa 21 Malichi 1960, pomwe Ian Berry wa magazini ya Drum adajambula anthu akuthawa zipolopolo za apolisi. Boma lidati anthu 69 adafa tsikulo. Chachiwiri ndi cha Sam Nzima, cha pa 16 Juni 1976 ku Soweto. Chachitatu ndi cha Nelson Mandela akutuluka m'ndende ya Victor Verster pa 11 Febuluwale 1990, atagwirana dzanja ndi Winnie, nkhonya ili m'mwamba. Chomaliza ndi cha mizere ya anthu ovota mu Epulo 1994, yojambulidwa kuchokera m'mwamba, itapindikapindika ngati njoka. Maganizo anga ndi akuti cha Nzima chimaposa zinzakezo, komabe pachokha sichikwanira, chifukwa chimaonetsa imfa ya mwana osanena chimene mwanayo adafera.

Chithunzi cha Mandela chidagwedeza dziko chifukwa boma latsankho lidaletsa kusindikiza nkhope yake kwa zaka zambiri, ndipo anthu ankafunitsitsa kuona momwe zaka 27 za m'ndende zidamusinthira. Koma mphamvu yake yagona pa dzina. Munthu wosadziwa Mandela angoona mkulu wa imvi atavala suti. Komanso chimachititsa woonayo kuganiza kuti ufulu udabwera ndi munthu mmodzi, pamene mutu umodzi susenza denga. Cha mizere ya ovota chimakonza vuto limeneli poonetsa khamu, koma khamulo lili patali, lopanda nkhope. Zithunzi za Berry nazo n'zofunika ngati umboni, popeza zidatsutsa zimene apolisi ankanena, koma maso a woona amabalalika pamodzi ndi anthu othawawo.

Cha Nzima chili ndi anthu atatu amene maso amagwerapo nthawi yomweyo. Mbuyisa Makhubu, mnyamata wa zaka 18, wanyamula Hector Pieterson, wa zaka 12, amene wangowomberedwa kumene. Pambali pawo pakuthamanga Antoinette, mlongo wake wa Hector, atavala yunifolomu ya sukulu, dzanja atatambasula, kukamwa kuli yasa. Wapolisi saoneka, mfuti siioneka. Atatuwa akuthamangira kumene kuli kamera, choncho woona chithunzicho amakhala ngati ndiye akuyenera kulandira mwanayo. Apa ndi pamene chimaposera zinzake. Sichifuna kuti munthu adziwe ndale za South Africa kuti chimukhudze. Yunifolomu yokha ikunena kuti awa ndi ana asukulu, ndipo nkhope ya Makhubu ikunena zotsalazo.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikachiyang'anitsitsa, mulibe chilichonse chosonyeza chifukwa chimene anawo adatulukira m'makalasi. Mu 1974 boma lidalamula kuti sukulu za anthu akuda ziziphunzitsa maphunziro ena, kuphatikizapo masamu, m'chiyankhulo cha Afrikaans, ena m'Chingerezi. Aphunzitsi ambiri sankachidziwa bwino chiyankhulocho, ndipo ana ankachiona ngati chiyankhulo cha apolisi ndi cha owapondereza. Zikwangwani zimene adanyamula m'mawa wa tsikulo zinkakana lamulo limeneli. Nkhondo ya pa 16 Juni idayambira pa funso lakuti mwana aphunzire m'chiyankhulo chanji, ndipo ndani ali ndi mphamvu yosankha. Chithunzi cha Nzima chilibe chikwangwani ngakhale chimodzi. Amene amachiona popanda mawu ofotokoza amamva chisoni, koma saphunzira kuti nkhani ya chiyankhulo cha m'kalasi idafika pokhetsa magazi. Kwa ife amene timaphunzira ndi kuphunzitsa ziyankhulo za mu Africa, kusowa kumeneku si kwapang'ono.

Chithunzichi chimasankhanso amene akumbukiridwe. Dzina la Hector lili pa nyumba yosungiramo mbiri imene idatsegulidwa ku Orlando West mu 2002. Hastings Ndlovu, wa zaka 15, adawomberedwanso tsiku lomwelo, ndipo ambiri amati iye ndiye adali woyamba, koma kamera siidamupeze, motero dzina lake limamveka mwa apo ndi apo. Makhubu, amene nkhope yake idafalikira dziko lonse, adathawa m'dzikolo poopa apolisi, ndipo abale ake adalandira uthenga wake womaliza kuchokera ku Nigeria mu 1978. Nzima mwiniwake adabisa filimu mu sokosi kuti apolisi asailande. Nyuzipepala ya The World itachisindikiza, adayamba kusakidwa, n'kusiya utolankhani ndi kubwerera kwawo ku Lillydale. Nyuzipepalayo idatsekedwa ndi boma mu 1977, ndipo Nzima adapatsidwa umwini wa chithunzi chake mu 1998, patatha zaka 22. Kutchuka kwa chithunzi sikudateteze wojambula kapena ojambulidwa.

Pali ena amene amakana mkangano wonsewu. Iwo amati tsankho silidali tsiku limodzi, lidali moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo amaloza ku ntchito ya Ernest Cole. Buku lake la zithunzi, House of Bondage, lidatuluka mu 1967 ndipo lidaletsedwa kwawo. M'bukumo muli chithunzi cha amuna ofuna ntchito ya m'migodi ataima pamzere, ali maliseche, manja m'mwamba, nkhope zitaloza kukhoma, kudikira kupimidwa. Palibe amene akufa, palibe amene akulira, koma manyazi amene akuchitidwa akuoneka poyera. Kwa olankhula Chichewa chithunzichi chili pafupi, chifukwa amuna ambiri a ku Malawi ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo kupimidwa kotere kudali mbali ya ulendowo. Mfundo ya anthuwa ndi yomveka: tikamangofuna chithunzi cha tsiku lalikulu, timaiwala zaka zambirimbiri zimene zidabala tsikulo.

Ndikuvomereza mfundoyi, koma siichotsa chithunzi cha Nzima pamalo pake. Cha Cole chimafotokoza momwe tsankho linkagwirira ntchito. Cha Nzima chimagwira nthawi imene zinthu zidatembenuka. Pambuyo pa 1976 achinyamata ambiri adawoloka malire kukalowa m'magulu omenyera ufulu, ndipo mayiko akunja adayamba kuvutika kuteteza boma la ku Pretoria. Chithunzicho sichidangolemba zimene zidachitika, chidathandiza nawo kuzisintha. Mpake kuti kuyambira mu 1991 tsiku la 16 Juni limakumbukiridwa m'mayiko a mu Africa ngati Tsiku la Mwana wa mu Africa.

Choncho funso lenileni si lakuti chithunzi chopambana ndi chiti, koma lakuti tichiika ndi mawu otani. Mphunzitsi amene akuonetsa chithunzi cha Nzima m'kalasi atchule anthu atatu onse, osati Hector yekha. Atchule Hastings Ndlovu, amene mulibe m'chithunzimo. Aike pambali pake chithunzi cha Cole, kuti ophunzira aone kumene mkwiyo udachokera. Koposa zonse, anene momveka kuti ana awa adatuluka m'makalasi pokana chiyankhulo chimene adawakakamiza. Popanda mawu amenewa, wophunzira adzakumbukira nkhope ya Antoinette, koma sadzadziwa chimene mlongo wake adadzukira m'mawa umenewo.