Kodi Masiku Okumbukira Ochira ku Uchidakwa Ngoyenera Kuwakweza?

Mu 1987 bungwe la United Nations lidapatula 26 Juni kuti likhale tsiku lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo pamodzi ndi malonda ake. Ku America nako, kuyambira mu 1989, mwezi wa Seputembala udaperekedwa kwa anthu amene ali pa njira yochira. Funso lathu nlakuti: kodi masiku otere ayenera kulowa ndi m'maparishi momwe?

Chofooka cha 26 Juni chili m'dzina lake lomwe. Dzinalo limaloza mdani, koma wovulazidwa ndi mdaniyo silimtchula; ndiponso mowa, umene wapasula mabanja ochuluka kwathu kuno, suwerengedwa pakati pa mankhwalawo. Zambia idaletsa tujilijili mu 2012, Malawi nayenso adaletsa mowa wa m'masacheti patapita zaka zochepa, komabe chibaba cha womwa sichidathe ndi lamulo. Tsiku longodzudzula limawonjezera manyazi, ndipo manyazi ndiwo amabisa chidakwa m'nyumba kufikira matenda atamgwetsa. Pamenepa mwezi wa ku America uja upambana, chifukwa umapatsa mau munthu wochirayo.

Eklezia amadziwa kuti tsiku limakhala ndi mphamvu likamakumbutsa moyo wa munthu. Matt Talbot, mlebala wa ku Dublin, adayamba kumwa akali mwana. Mu 1884 adalumbira kuleka mowa, poyamba kwa miyezi itatu yokha, nakhala osaulawanso kufikira imfa yake mu 1925. Papa Paulo VI adavomereza ukoma wa moyo wake mu 1975. Miyezi itatu ija itiphunzitsa kuti kuchira kumayenda pang'onopang'ono. Nchifukwa chake a Alcoholics Anonymous, gulu loyambika mu 1935, amalonjeza kusamwa kwa lero lokha, ndipo mawa amalonjezanso.

Tsono masikuwa akwezedwe ndithu, koma walira mvula walira matope. Parishi yosunga tsikuli ikhale ndi chipinda chimene ochira angamakomaniremo sabata ndi sabata, ndipo wansembe adziwe kumene angatumize wodwala, monga kwa a St John of God ku Mzuzu. Tisaiwale kuti nthendayi siopa khosi la wansembe. Mbale wathu womwa tikangomsamutsira ku parishi ina mwakachetechete, ulaliki wathu wa pa tsikulo udzatitsutsa ife tomwe.