Makina Olankhula ndi Kawerengedwe ka Masiku

Chiyambire mwezi wa Novembala 2022, pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, pabuka chizolowezi chouza makina olankhula kuti adziyese pulogalamu ya kompyuta, nayankhe monga momwe pulogalamuyo ikadayankhira. Mwa ntchito zimene makinawo amapatsidwa muli zowerenga masiku ndi nthawi, zimene chinenero cha Python chimasunga m'chigawo chotchedwa datetime. Chizolowezi chimenechi chiyenera kupendedwa mofatsa.

Pulogalamu yeniyeni imawerengadi. Ikafuna nthawi imafunsa koloko ya m'kompyuta, imene pa makina a Unix imawerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Ikafuna tsiku imatsata kalendala imene Papa Gregory XIII anakhazikitsa mu 1582: chaka chogawika ndi 4 chimakhala ndi masiku 366, koma chaka chotsiriza zana sichitero pokhapokha chigawike ndi 400. Chotero chaka cha 2000 chinali ndi tsiku la 29 Febuluwale, koma 2100 sichidzakhala nalo, ndipo munthu akalemba tsikulo Python imakana.

Makina olankhula, akakhala pawokha, alibe koloko. Amasanja mawu monga momwe amatsatanirana kawirikawiri m'zolembedwa zimene anaphunzitsidwa nazo. Nchifukwa chake angathe kuvomereza tsiku limene kulibe, kapena kutchula tsiku la lero mongoyerekeza, ndipo bodzalo amalinena ndi mawu osalala ofanana ndi amene amanenera zoona. Apa mpamene pagona vuto: pulogalamu ikapatsidwa tsiku losatheka imaima nidandaula, pamene wotsanzirayo angathe kupitirira osadodoma.

Wophunzira wa Chichewa ali ndi msampha wakewake. Dzina lakuti Lachiwiri lanyamula kale nambala m'kati mwake. Koma lamulo la weekday mu Python limawerenga Lolemba ngati 0, kotero kuti Lachiwiri limakhala 1. Ndi lamulo lina, la isoweekday, limene limapereka 2. Makina amene akumana ndi Chichewa chochepa pophunzira angathe kutsata dzinalo nasiya lamulo, ndipo mwana sadzaona cholakwa, pakuti yankho lidzagwirizana ndi khutu lake.

Chilungamo chifuna kuti zabwino zinenedwenso. Pofotokoza tanthauzo la lamulo, ndi polemba pulogalamu yoti kompyuta iyendetse yokha, makinawa amathandiza ndithu, ndipo ena akapatsidwa mpata woyendetsa pulogalamuyo amabwera ndi yankho loona. Cholakwika ndicho kuwalola kuti alowe m'malo mwa chowerengera chenicheni.

Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphunzitsi amene afuna kuphunzitsa kalendala ndi makina amenewa achita bwino kuyamba wafunsa za 29 Febuluwale 2100 pamaso pa kalasi, kenaka ana ayerekeze yankholo ndi la Python, nagawe okha 2100 ndi 400 pa bolodi.