Chipata cha Titus: Mwala Wonena Mbali Imodzi

Mu mzinda wa Roma muli chipata cha mwala, msinkhu wake mamita 15, chimene mfumu Domitian anamanga cha m'ma 81 kukumbukira mbale wake Titus. Ameneyu si Tito uja Paulo anamlembera kalata, koma kazembe amene anapasula Jerusalem ndi kutentha Kachisi m'chaka cha 70, monga Ambuye ananeneratu pa Marko 13.

M'kati mwa chipatacho anasemamo zithunzi ziwiri. Pa china Titus ali pa galeta wa akavalo anayi, ndipo mkazi wamapiko, ndiye mlungu wao wa chigonjetso, alikumveka nkhata ya masamba. Pa chinzake Aroma asenza zofunkha za m'Kachisi: choikapo nyali cha nthambi 7, gome la mkate woonekera, ndi malipenga, monga anazionetsa m'misewu ya Roma m'chaka cha 71.

Mmisiriyo timtame, pakuti luso anali nalo. Anthu akutsogolo anawasema otumphuka, akumbuyo osaya, kotero kuti khamulo lioneka ngati lilikuyenda ndithu, ndi kulemera kwa katunduyo kuoneka pa mapewa. Ndipo m'chaka cha 2012 akatswiri anapeza zotsalira za utoto wachikasu pa choikapo nyalicho, kusonyeza kuti kale chinawala ngati golidi.

Koma luso si choonadi chonse. Mwalawo uli chete pa njala imene inatha anthu m'kati mwa linga, ndi pa amayi amene anaika ana ao. Zimenezi tiziwerenga kwa Josephus, Myuda amene anaona nkhondoyo ndi maso. Inu akulu amene mukhala pabwalo mudziwa kuti mlandu sautha atangomva mwini mbali imodzi. Chipata ichi ndi mboni ya wopambana; sichinama, koma chinena zomkomera mwini wake zokha. Pamwamba pake anasema Titus atanyamulidwa ndi chiombankhanga kunka kumwamba, pakuti atamwalira anamuyesa mlungu.

Taonani tsono chimene chinatsata. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: Roma yemweyo anafunkhidwa m'chaka cha 410, ndiponso m'chaka cha 455. Choikapo nyali chagolidicho chinatayika, ndipo lero anthu achidziwa maonekedwe ake makamaka pa mwala wa adani ake. M'chaka cha 1949 dziko la Israel linatenga chithunzi chomwecho kukhala chizindikiro chake. Chimene chinasemedwa kuti chinyoze Ayuda ndicho chinawasungira chikumbutso.

Chifukwa chake, abale, pamene muona m'buku la sukulu chithunzi cha zakale za Aroma, kapena mwala uli wonse wotama munthu wamkulu, yamikani mmisiri, koma mufunsenso mafunso awiri: analipira ntchitoyi ndani, ndipo amene sanasemedwepo ndani? Ana athu tiwaphunzitse kufunsa chomwecho.