Mad Hot Ballroom: filimu yokoma imene inaiwala kufunsa za chilankhulo

Mad Hot Ballroom ndi filimu ya zochitika zenizeni imene Marilyn Agrelo ndi Amy Sewell anatulutsa mu 2005. Imatsatira ana a kalasi ya 5 a m'sukulu zitatu za boma mumzinda wa New York pamene akuphunzira magule ovina awiriawiri, mnyamata ndi mtsikana: merengue, rumba, tango, foxtrot ndi swing. Maphunzirowa ndi a pulogalamu ya Dancing Classrooms, imene katswiri wovina Pierre Dulaine anayambitsa mu 1994. Ana amaphunzira kwa milungu 10, kenako sukulu zimapikisana. Filimuyi ndi yokoma kuonera, koma mphunzitsi wa kalasi ya zilankhulo ziwiri aionere mosamala, chifukwa phunziro limene imalengeza likusiyana ndi limene zithunzi zake zikuonetsa.

Akuluakulu olankhula mufilimuyi amabwereza mfundo imodzi, yakuti kuvina kumawongola khalidwe. Mnyamata amaphunzira kupisira malaya, kuyang'ana mnzake m'maso ndi kumugwira dzanja mwaulemu. Aphunzitsi amasimba za ana amene kale anali ovuta koma tsopano asintha. Mwina n'zoona, koma umboni wonse ndi mawu a anthu amene amaikonda kale pulogalamuyo. Woonera sauzidwa mmene anawo ankakhozera kuwerenga kapena masamu asanayambe kuvina, ndiponso sawayerekezera ndi anzawo amene sanavine. Wochita kafukufuku sangamange mfundo pa umboni woterewu, ndipo mphunzitsi asamangeponso.

Chimene filimuyi ikuonetsa bwino chili pa kusiyana kwa sukulu zitatuzo. Ina ili ku Tribeca, dera la anthu opezako bwino. Ina ili ku Bensonhurst, ku Brooklyn. Yachitatu, PS 115, ili ku Washington Heights, kumene mabanja ambiri ndi osauka, anachokera ku Dominican Republic ndipo kunyumba amalankhula Chisipanishi. Imene inatenga chikho ndi yachitatuyi. Filimuyi imafuna kuti woonera adabwe kuti ana osauka apambana, koma chodabwitsa n'chochepa. Kwawo kwa merengue ndi ku Dominican Republic komweko. Ambiri mwa anawa anakula akumva nyimbo zake pa maukwati ndi pa zisangalalo za pabanja. Sukulu inangowapatsa phunziro limene chiyambi chake anabwera nacho kuchokera kunyumba, ndipo kuchokera pamenepo anafikira tango ndi foxtrot, magule amene anali achilendo kwa iwo. Apa n'kuyambira pa chodziwika kupita ku chosadziwika, mfundo imene maphunziro a zilankhulo ziwiri aimapo. Opanga filimu anaijambula osaitchula.

Pakati pa ana a ku Washington Heights pali mnyamata wina amene ankadziwa Chingelezi pang'ono chabe. Pa phunziro lofuna Chingelezi, mwana wotere amaoneka ngati wosachedwa kutsalira. Pabwalo lovinira anali mmodzi mwa odalirika, makamaka pa rumba: amasunga nthawi ya nyimbo, amakumbukira ndondomeko ya mapazi, amatsogolera mnzake. Nzeru anali nazo kale, chimene chinasintha ndi njira yoziyezera. Mphunzitsi wa ku Angónia kapena ku Lago amamudziwa mwana ameneyu. Ndi uja amakhala duu akafunsidwa m'Chipwitikizi, koma akafunsidwa funso lomwelo m'Chinyanja amafotokoza mpaka kupereka chitsanzo.

Apa ndi pamene filimuyi yafooka kwambiri. Imasiya woonera akuganiza kuti kuvina ndi chilankhulo cha anthu onse, ndiye vuto la mnyamatayo latha. Komatu silinathe. Nyimbo ikatha amabwerera m'kalasi, kumene mabuku ndi mayeso zikumudikira. Kamera simutsatira kumeneko, ndipo palibe amene akufunsa ngati Chisipanishi chake chili ndi malo pa maphunziro ena. Mozambique inafunsa funso limeneli kale. Pulojekiti ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, inayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, pamodzi ndi Chipwitikizi, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma. Maziko ake ndi akuti mwana asamaonetse nzeru zake pa ola limodzi la masewera lokha, koma pa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Gule angathe kuulula luso la mwana. Sangalowe m'malo mwa chilankhulo chophunzirira.

Vuto lina ndi mpikisano. Nkhani yonse yamangidwa molunjika ku chikho, motero kamera imakondera opambana. Timu imatenga ana ochepa okha, ndipo osasankhidwa amazimiririka pang'onopang'ono. Ana a ku Tribeca atagonja amalira, ndipo posakhalitsa filimu imapitirira ndi amene atsala mumpikisano. Palinso anyamata awiri amene chipembedzo chawo sichiwalola kuvina, choncho amapatsidwa ntchito yoimbitsa nyimbo. Njira imeneyi ndi yanzeru, koma yaonetsedwa mongodutsa. Kwa mphunzitsi wa ku Niassa kapena ku Tete, amene m'kalasi mwake muli ana a Chisilamu ndi a mipingo yosiyanasiyana, nkhani ya kugwirana kwa mnyamata ndi mtsikana si yaing'ono, ndipo imafuna kukambirana ndi makolo gule asanayambe.

Filimuyi ili ndi mphamvu zake. Palibe wofotokoza amene akulankhulira ana. Amadzilankhulira okha za ukwati, za mankhwala osokoneza bongo a m'dera lawo ndi za tsogolo limene akufuna, ndipo nkhani zawo zimaposa za akuluakulu. Kumvetsera ana kotereku n'koyenera kutengera.

Nanga mphunzitsi atengepo chiyani? Sakufunika kuitanitsa foxtrot. Silabasi ya maphunziro a pulayimale ya mu 2004 inapatula magawo 20 pa 100 a nthawi kuti akhale a currículo local, zinthu za m'dera la sukulu. Chioda ndi mganda za m'mbali mwa nyanja, chintali ndi ngoma za ku Angónia, zili ndi kuwerenga mapazi, mizere, nyimbo zoti ana alembe m'Chinyanja ndi mayendedwe oti awafotokoze m'Chipwitikizi. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi eni ake ndi zinsinsi zake, choncho salowa m'kalasi popanda chilolezo cha akuluakulu a mwambo. Ndipo mphunzitsi akaona mwana wosalankhula akutsogolera anzake pabwalo, alembe dzina lake, kenako m'mawa mwake amufunse funso la masamu m'chilankhulo chimene amalankhula kunyumba.