Filimu Iliyonse Ili ndi Muyezo Wake

Pa 1 Malichi 2019 kampani ya Netflix inatulutsa filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu amene anapanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola kudzala. Masiku otsatirawo tinaikambirana paliponse, m'minibasi, muofesi ndi pa WhatsApp. Ena ankati filimuyi yatikweza, dziko lonse laona kwathu. Ena ankati Chichewa chake n'cholemera lilime, sichikumveka. Onsewa ankanena zoona, koma nkhani inkathera pomwepo. Ndi ochepa amene anafunsa kuti n'chiyani m'kapangidwe ka filimuyi chimachititsa munthu kumva njala m'mimba mwake ngakhale wangodya kumene nsima. Funso limenelo ndilo ntchito ya wolemba ndemanga.

Ndemanga zambiri zimene ndimawerenga zimangobwereza nkhani ya mufilimu kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, kenaka n'kumaliza ndi mawu akuti ndi yabwino, musaiphonye. Kumeneko n'kufotokozera mnzako zimene waona, ndipo mwana aliyense wochokera ku vidiyo amakuchita bwino. Wolemba ndemanga amafunika kuona zimene anthu opanga filimu anasankha: pamene kamera yaima, nthawi imene chithunzi chadulidwa, malo amene nyimbo yalowa ndi pamene yakhala chete. Akatha apo ayeze ngati zosankhazo zakwaniritsa chimene filimuyo inalonjeza. Pamsika chimanga amayeza ndi ndowa, tomato ndi milu, nsalu ndi mita. Mafilimu atsopano amabwera osakanikirana sabata iliyonse, ankhondo, achikondi, oseketsa ndi ofotokoza zochitika zenizeni, ndipo woyeza onsewa ndi ndowa imodzi amalakwira ena n'kukometsera ena.

Tiyambe ndi mafilimu akuluakulu a ku Hollywood, aja amene amadya ndalama zankhaninkhani. Black Panther ya Ryan Coogler inatuluka mu 2018 n'kupeza ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni padziko lonse. Filimu yotere imalonjeza kutitengera kudziko limene kulibe n'kutikhulupiritsa kuti liliko. Pa lonjezo limeneli inapambana, ndipo wolemba ndemanga ayenera kutchula manja amene anagwira ntchitoyo. Ruth E. Carter anasoka zovala potengera mabulangete a Abasotho, zipewa za amayi a Chizulu ndi mikanda ya Amasai. Hannah Beachler anakonza maonekedwe a dziko la Wakanda. Ludwig Göransson anapita ku Senegal kukagwira ntchito ndi woimba Baaba Maal, n'chifukwa chake kang'oma kolankhula ka tama kamamveka mfumu T'Challa ikatulukira. Atatuwa aliyense analandira mphoto ya Oscar. Anthu a ku Wakanda amalankhula Chixhosa, chinenero cha John Kani amene anasewera ngati bambo a mfumuyo.

Koma muyezo womwewo umaonetsanso pamene filimuyi yapunduka. Ndewu ya pamathithi, pamene T'Challa akulimbana ndi M'Baku anthu atazungulira m'matanthwe, imagwira mtima chifukwa tikuona matupi enieni, madzi akuthovoka, munthu akupuma movutika. Ndewu yomaliza ya pansi pa mgodi, pambali pa njanji, ndi ya zithunzi za pakompyuta ziwiri zovala zakuda zikugubuduzana mumdima. Thupi likasowa kulemera, woonera sachitanso mantha kuti wina avulala. Kuidzudzula filimuyi kuti sinafotokoze bwino mbiri ya Afrika n'kuifunsa chimene sinalonjeze. Kuidzudzula kuti ndewu yake yaikulu ndi yopanda mafupa n'kuigwira pa mawu ake omwe.

Filimu ya Kamkwamba inalonjeza china: kutilowetsa m'nyumba ya banja limodzi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Chiwetel Ejiofor, amene anailemba, kuitsogolera komanso kusewera ngati Trywell, bambo ake a William, anaigawa m'magawo otsata chaka cha mlimi, kuyambira kufesa mpaka kukolola, kenaka njala, kenaka mphepo. Kugawa kotere kumachititsa kuti nthawi ya mufilimu iziyenda ngati mmene imayendera kumudzi, kumene chaka chimawerengedwa ndi mvula. Wojambula wake, Dick Pope, amayamba ndi minda yobiriwira ndi dothi lofiira lonyowa. Pang'onopang'ono zobiriwirazo zimachoka, fumbi lotuwa n'kudzaza chithunzi chonse, mpaka maso a woonera ayamba kulakalaka tsamba limodzi lokha. Madzi akatuluka kumapeto n'kuyenderera m'mizere, chimwemwe chimene timamva chinakonzedwa kalekale ndi kutimana mtundu wobiriwira kwa nthawi yaitali.

Taonaninso mmene njinga yagwiritsidwira ntchito. Poyamba ndi chinthu wamba cha pakhomo. William akaona nyali ya njinga ya aphunzitsi ikuyaka ndi dayinamo, njinga imasanduka funso m'mutu mwake. Njala ikafika pachimake, njinga ya bambo ake imakhala chuma chomaliza cha banjalo, ndipo mwana kupempha kuti aidule ndi chimodzimodzi kupempha bambo kuti avomereze kuti khasu lawo lalephera. Mkangano wa bambo ndi mwana wonse wakhazikika pa chitsulo chimodzi chimenechi. Wolemba nkhani wosadziwa ntchito akanaika mawu ambiri m'kamwa mwa bamboyo ofotokoza ulemu wake. Ejiofor anangosiya njingayo pakati pa bwalo, ife n'kumva tokha.

Tsopano za Chichewa chija. Wolemba ndemanga wa ku London kapena New York amawerenga mawu omasulira m'munsi mwa chithunzi, ndipo kwa iye phokoso lililonse lachilendo ndi Chichewa. Ife tili ndi khutu limene iye alibe, choncho tili ndi udindo umene iye alibe. Maxwell Simba, amene anasewera ngati William, ndi wa ku Kenya. Aïssa Maïga, amene anasewera ngati Agnes, mayi ake a William, anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Ejiofor ndi wa ku Britain, makolo ake a ku Nigeria. Anaphunzira mawu molimbika, ndipo kusankha kwawo kuti banja lizilankhula Chichewa pakhomo, Chingelezi n'kusiyira kusukulu, ndi ulemu waukulu kwa eni nkhani. Koma chinenero chathu chimayenda ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mawu akuti mtengo amatanthauza chomera kapena ndalama yogulira chinthu malinga ndi mmene wawatchulira. Timakoka pang'ono phatikizo loyandikira kumapeto kwa chiganizo, ndipo ph, th ndi kh timazitulutsa ndi mpweya. Izi zikasokonekera, mawu aukali amamveka ngati akuwerengedwa papepala. Lily Banda, Mmalawi amene anasewera ngati Annie, mlongo wake wa William, akangotsegula pakamwa khutu limapuma. Kusiyana kumeneku kumachepetsa mphamvu ya zigawo zina zimene zinayenera kutilasa mtima, ndipo ndemanga yoona iyenera kunena zimenezo mosabisa. Inenenso kuti nkhope ya Maïga, pamene akugawa chakudya chochepa kwa ana ake, ikulankhula momveka kwa munthu wa chinenero chilichonse. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko kanameta bwino, ngakhale penapake kanatema.

Pali chinanso chimene filimuyi inasintha. Makina oyamba a William anayatsa mababu ndi wailesi m'nyumba ya makolo ake. Kupopa madzi othirira kunabwera patapita zaka. Mufilimu, makinawo akupopa madzi nthawi yomweyo n'kupulumutsa mudzi ku njala. Kodi limeneli ndi bodza? Mu sewero lotengera mbiri ya munthu, kupanikiza zaka zingapo m'nyengo imodzi n'kololedwa, malinga ngati mtima wa nkhaniyo sunapotozedwe. Komabe wolemba ndemanga awuze owerenga kuti kusinthaku kuli ndi mtengo wake. Kumapereka chithunzi chakuti njala yobwera ndi kusefukira kwa madzi, chilala ndi kusowa kwa chimanga m'misika ingathe ndi nzeru za mwana mmodzi. Filimuyo yokha inali itationetsa kale kuti gwero la vutolo ndi lalikulu, pamene mfumu ya m'deralo ikumenyedwa chifukwa cholankhula za njala pamsonkhano wa ndale.

Kusintha kotereku kukanachitika mu dokyumentale, tikanati ndi chinyengo, chifukwa lonjezo la dokyumentale ndi lakuti zimene mukuonazi zinachitikadi. Mwayi wake, nkhani ya Kamkwamba ilinso ndi dokyumentale, William and the Windmill ya Ben Nabors, imene inapata mphoto yaikulu ku chikondwerero cha mafilimu cha South by Southwest ku Texas mu 2013. Iyo imayambira pamene filimu ya Ejiofor yathera. William walankhula kale pamsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, dzina lake lamveka, ndipo Tom Rielly wa ku America wadzipereka kumuthandiza. Kamera ikumutsata kusukulu ya African Leadership Academy ku Johannesburg, pa maulendo otsatsa buku limene analemba ndi Bryan Mealer, mpaka ku koleji ya Dartmouth. Chimene chimandikhudza mufilimuyi ndi kukhala chete kwa William, mnyamata amene aliyense akufuna kumva nkhani yake yakale pamene iye akulimbana ndi moyo watsopano.

Poyeza dokyumentale mafunso amasintha. Ndani wagwira kamera, ndipo akugwirizana bwanji ndi amene akujambulidwa? Pa maola ambirimbiri amene anajambula, n'chifukwa chiyani anasunga mphindi izi n'kutaya zinazo? Ndani akulankhula kwambiri, mwini nkhani kapena omuzungulira? Munthu akadziwa kuti kamera ikumuyang'ana amasintha mayendedwe, choncho luso la wojambula dokyumentale lagona pa kudikira mpaka anthu atamuiwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wolemba ndemanga amene angonena kuti nkhani ya mu dokyumentale ndi yofunika sananene kanthu za filimuyo, chifukwa nkhani yofunika imatha kujambulidwa mwaulesi, ndipo nkhani yaing'ono imatha kujambulidwa mwaluso losaiwalika.

Mayeso ovuta kwambiri amabwera filimu ikakhala yathu. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, imene inali yoyamba kuimira Malawi pa mpikisano wa Oscar. Joyce Mhango Chavula anapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Anthu otere amagwira ntchito ndi ndalama zochepa, m'dziko limene nyumba zoonetsera kanema n'zowerengeka ndipo filimu imakoperedwa pa fulashi isanabweze n'komwe zimene mwini wake analowetsa. Podziwa zimenezi, mtima umafuna kuyamikira chilichonse chotuluka. Koma kuyamikira kwachifundo kumanyoza waluso, chifukwa kumamuuza kuti sitikuyembekezera zambiri kwa iye. Ndalama zochepa zingatilepheretse kujambula ndege ikuphulika. Sizitikakamiza kuonetsa galimoto ikulowa pageti, kuima, munthu kutsika, kutseka chitseko ndi kuyenda mpaka pakhonde, pamene chithunzi chimodzi chikanakwanira. Sizitikakamiza kuika nyimbo yachisoni pamwamba pa mawu a munthu wolira mpaka mawuwo osamveka. Mphepo yowomba mu maikolofoni, ochita sewero olankhula mofuula ngati ali pa siteji pamene kamera ili pafupi ndi nkhope zawo, zonsezi ndi zinthu zimene ndemanga yachikondi imatchula ndi dzina kuti filimu yotsatira ikhale yabwino kuposa iyi.

Filimu yatsopano imabwera ndi phokoso la otsatsa malonda, ndipo wolemba amakhala pa liwiro lofuna kukhala woyamba. Ine ndaphunzira kuonera kawiri ndisanalembe. Ulendo woyamba ndimadzipereka ngati woonera wina aliyense, kuseka poseketsa ndi kugwira mpando poopsa. Ulendo wachiwiri ndimabwerera pamalo pamene ndinagwidwa mtima paja kukafufuza chimene chinandigwira, ndi pamene maganizo anga anathawira kwina kukaona chimene chinawathawitsa. Polemba ndimasunga chinsinsi cha mathero a nkhani yopeka, popeza owerenga ambiri amakhala asanaonere.

Amalawi timadziwa kale kuweruza luso. Pabwalo la gule, amayi oimba amazindikira msanga ng'oma ikaphonya phazi la wovina. Sayembekezera kuti chimtali chivinidwe ngati ingoma, ndipo gule aliyense amamuyeza ndi mayendedwe ake. Khutu ndi diso lomwelo ndi zimene filimu ikufuna kwa ife. Tikadzaoneranso William akukwera nsanja yake ya mitengo ya bulugamu, tidzafunse pamene kamera yaima, chifukwa chimene mphepo ikumvekera choncho, ndi amene anasankha kuti nkhope ya bambo ake ioneke pa mphindi imeneyo. Mayankho ake tidzawalembe m'Chichewa, kuti mnyamata kapena mtsikana wa ku Kasungu amene akuyesera kujambula ndi foni lero awerenge n'kudziwa poimika kamera yake.